Chaka Chimene Amalume Ankalirira Mwana wa Eni

Ndikamva fungo la makoko a manachesi akupsa pamoto, ndimawaona amalume anga atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo kwathu ku Magaleta, nsapato zausilikali kumapazi, wailesi yakuda pamiyendo, misozi ikutsikira m'ndevu. Inali nyengo yozizira, chiperoni chitakuta mapiri, ndipo iwo anali atangobwera kumene kuchokera ku Congo kumene anakasungitsa mtendere. Anabwera ndi malata ndi njinga yamoto ngati anzawo onse, koma chimene ankachisunga m'thumba la pamtima, atachikulunga m'kapulasitiki ngati mankhwala a kwa sing'anga, chinali kamemori khadi kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Anawapatsa ndi msilikali wa ku Nepal amene ankalondera naye limodzi. M'kanthu kameneko munali mayi wina woimba, ndipo mayiyo anakhala nafe nyengo yonse ya manachesi, osatunga madzi, osasesa pabwalo, koma akulemekezedwa kuposa bambo anga.

Dzina lake linatikanika tonse. Amayi analiyesa kamodzi n'kudziluma lilime moti tsiku limenelo ndiwo anadya zopanda mchere, ndipo izi n'zoona, ndinalipo. Tinangomupatsa mfunda wa kuno, Naphiri, popeza amalume ankati kwawo n'kumapiri aatali moti athuwa ndi zulu chabe. M'nyimbo zake sitinkatolamo liwu ngakhale limodzi, koma mawu ake ankakwera pang'onopang'ono ngati munthu wosenza dengu pachitunda, n'kupuma pamwamba, kenaka n'kutsetsereka. Kumbuyo kwake kunkalira gitala, chitoliro ndi kang'oma. Nkhuku zathu zinamuzolowera kwambiri moti batire likatha zinkasiya kuikira. Wokayika akanafunsa nkhukuzo, kungoti tinadya.

Mbiri ya Naphiri amalume ankaidziwa ngati anamulera okha, ngakhale anaimva kwa mnzawo uja m'Chingerezi cha manja. Ankati anabadwira kumudzi wa m'phiri, kwa alimi ngati ife, ndipo anayamba kupeka nyimbo ali kamtsikana koweta mbuzi. Bambo ake atamva anamuthyolera gitala pabondo n'kumupezera mwamuna. Iye anathawa, anakwera basi kupita kumzinda waukulu, n'kumaimba m'malesitilanti anthu akutafuna osamuyang'ana. A kuwailesi anamubweza, akuti aziimba zimene amuna amupekera. Anakana. Anapitiriza kupeka zakezake mpaka dziko lonse linayamba kuziimba, ndipo bambo ake aja anatsika phiri ndi ndodo kukapepesa. Phirilo linkatalika nthawi iliyonse amalume akamafotokoza, moti manachesi pomatha, mkuluyo ankatsika kuchokera pafupi ndi mwezi. Koma akafika pa gitala yothyoledwa ija, amalume ankamenya chibakera pantchafu. "Chitsiru cha munthu," ankatero. "Mwana Mulungu wamupatsa mawu, iwe n'kumutseka pakamwa? Ndikanakhalapo ndikanamumanga ine."

Amene ankamvetsera kwambiri anali achemwali anga a Esinati, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Ife ang'onoang'ono ntchito yathu inali kukwera m'mitengo kuthyola manachesi, iwo n'kumawakha pansi ndi chitenje kuti asaphwanyike, n'kumalongedza m'madengu podikira mavenda a ku Blantyre. Zala zinkachita dzanzi ndi mame, minga inkatilasa m'mikono, madzi a makoko ankatilowa m'maso mpaka tonse tinkaoneka ngati tikulira nawo amalume. Masana anzanga akamapita kukasewera fulaye, ine achemwali ankandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anali atayamba kupeka nyimbo. Sikuti ankatenga za Naphiri n'kuziveka Chichewa, ayi, zinali zawozawo. Ina inali ya msewu wathu umene umameza magalimoto m'dzinja, ina ya mtsikana wodwala amene anamutsitsa phiri pamachira, ina ya mavenda amene amalawa manachesi otsekemera ngati uchi n'kukwinya nkhope kuti ndi owawasa. Iwo ankatsogolera, ine ndinkavomera ndi mawu apansi, ndipo gitala yathu inali chigubu cha mafuta ophikira ndi waya wa mabuleki a njinga. Titayamba kuziimba kumjigo, azimayi ankaiwala ndowa zikusefukira. Mayi wina anapopa, n'kupopa, nyimbo itatha kale iye akupopabe, moti chaka chimenecho pamjigo tinakololapo mpunga.

Namwino wa pachipatala chathu, mayi Nyirenda, amene kwawo kunali ku Mzimba, anatimva atabwera kudzagula manachesi. Anakhala pamwala mpaka nyimbo zonse zinatha, kenaka anauza amayi kuti iwo ali ndi mlongo wawo amene ali ndi situdiyo ku Blantyre, ndipo Loweruka akupitako. Anati a Esinati apite nawo, akagona nyumba imodzi, akajambula nyimbozo n'kubwerera limodzi. Amayi anakondwa. Bambo nawo anavomera, koma kwathu n'kuchikamwini. Bambo anachita kubwera kudzakwatira pamudzi wa amayi, ndipo pankhani za ana mawu awo ankalemera mofanana ndi a tambala, kusiyana kwake kunali kwakuti tambala ankaloledwa kulankhula m'mawa. Wopereka chilolezo anali mwini mbumba, mlongo wa amayi, ndiye amalume omwewo. Palibe amene anada nkhawa. A Esinati anachapiratu zovala n'kuyanika pa mpanda. Kodi munthu amene wakhala akulirira Naphiri chipsere manachesi akanakana bwanji?

Tinapita kwa iwo Lachisanu masana. A Esinati anagwada, amayi anakhala pamphasa, ine ndinakumbatira chigubu kuti mwina afuna amve kaye. Amalume anachepetsa wailesi, osazimitsa. Anamvetsera pempho lonse, anasenda nachesi, anadya, analavula nthangala, kenaka anati ayi. Anati iwo ayenda, dziko aliona, akudziwa zimene zimawachitikira atsikana a m'mabandi. Anati pamtundu pathu sipanatulukepo mkazi wodzigwedeza pamaso pa zidakwa, ndipo sadzayambira pa iwo. Ngati mwanayu akufuna kuimba, kwaya ya kutchalitchi ilipo, ndipo nyimbo zake zinalembedwa kale m'buku, palibe chifukwa chovutikira kupeka zina.

"Nanga Naphiri, amalume?" anafunsa a Esinati, maso ali pansi.

"Naphiri ali ndi amalume ake," anatero iwo. "Iwe uli ndi ine."

Atatero anakwezanso wailesi. Tisanafike n'komwe pakhomo la khitchini, anali atayambanso kufwenthera, kulirira mtsikana wa m'phiri amene abale ake anafuna kumutseka pakamwa.

Mpaka lero ndikakumbukira, magazi amandiwira. Nyimbo za a Esinati amalume sanazimve n'komwe, sanapemphe ngakhale vesi imodzi, chigubu ndinabwerera nacho chosakhudza. Amayi anakalirira kuseri kwa bafa, koma kutsutsa mlongo wawo sakanatha, pakuti ndi amalumewo amene akanadzatiimira tonse pa unkhoswe, pamilandu ndi pamaliro, ndipo mkazi wokangana ndi mwini mbumba ana ake amasanduka amasiye makolo ali moyo. Bambo anatsokomola, ndipo kutsokomolako kunali kuyankhula kwawo kwakukulu kwa chaka chonse. Mwina mufunsa kuti bwanji achemwali sanathawe ngati Naphiri. Naphiri anali ndi basi. Kwathu kuti uthawe umayenera kupeza wa njinga yamoto akakutule ku Lisungwi kumene kuli maminibasi, ndipo a njinga zamoto pamudzi pathu analipo awiri, amalume ndi mnzawo wosewera naye bawo.

Loweruka mayi Nyirenda anapita okha. Pasanapite nthawi anawasamutsira kuchipatala china, monga amachitira ndi aliyense amene tayamba kumuzolowera. Manachesi anatha, mitengo inatsala minga yokhayokha, chiperoni chinachoka, fumbi linabwera. A Esinati anatenga waya uja n'kubwezera panjinga ya bambo, chigubu chinabwerera kotungira madzi. Kwaya sanalowe. Patapita zaka anakwatiwa, nkhoswe anali amalume, ndipo paukwatipo analamula wa zimbale kuti aike Naphiri, n'kuvina mpaka nsapato imodzi inakapezeka m'munda wa nandolo wa anthu ena. Lero achemwali amagulitsa kachewere ku Lisungwi, ali ndi ana awo, ndipo palibe mwana wawo amene anawamvapo akuimba, ngakhale pochapa.

Nyengo imeneyo inandiphunzitsa kuti pali anthu amene amakonda kulimba mtima kwa mkazi akakhala kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, kumene sangawachititse manyazi kutchalitchi. Naphiri nyimbo zake zilipobe, ndinazipeza pa foni, ndipo ndi zokoma ndithu, iye alibe mlandu. Za a Esinati sizinajambulidwe paliponse. Ndikayesa kuzikumbukira ndimangopeza mbali yanga yovomera ija, mawu apansi oyankha munthu amene sakuitana. Ndinawapempha tsiku lina kuti andikumbutse ya msewu, anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndabwera kudzagula kachewere kapena kudzatsekereza makasitomala.

Amalume anapuma usilikali, ali moyo, ali bwino, akunenepa. Pa Khrisimasi yapitayi tinakumana tonse kumudzi, kutabweranso alendo a kutchalitchi. Nkhani itafika pa oimba a masiku ano, amalume analoza a Esinati amene ankathira tiyi m'makapu, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mwana wa mlongo wanga uyu anali ndi mawu, mukanamumva," anatero. "Koma dziko lathu lino, eti, silithandiza luso."

A Esinati anagwada, anawapatsa kapu ndi manja awiri, n'kuwafunsa ngati shuga wakwana.