Manda Amene Tinakumba ndi Abusa Athu

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la Novembala chaka chatha. Ndinalembanso mu Januwale. Pasaka itapita ndinakwela basi kukapeleka kalata yachitatu pamanja ku ofesi yanu, inu akuluakulu a mpingo wathu, ndipo mlembi anadinda kope langa n'kundiuza kuti muli ku msonkhano. Makope onse ndili nao. Yankho ndilibe. Tsono ndilemba zonse kuyambila pachiyambi, kuti wina asadzanene kuti sanamve.

Ndine mkulu wa mpingo pa kachalichi kathu ka pakati pa Nyimba ndi Kacholola. Mu Okutobala anamwalila amai ena okalamba, mkhristu mnzathu, mmodzi wa aja anabwela kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo osabwelelanso. Anasiya mwana mmodzi wamkazi. M'mudzi anali kuwanena ufiti chifukwa anali kulankhula okha poyenda. Adzukulu, amene ntchito yao ndi kukumba manda, anakana kugwila khasu. Mtembo unakhala m'nyumba ndi kutentha kuja mpaka fungo linafika panjila.

Abusa athu, amene munatitumizila inu nomwe, anafika kwanga m'mawa atanyamula piki ndi fosholo. Anati, "Akulu, amai aja tinali kudya nao Mgonelo. Tiwasiye awole?" Ndinavala nsapato n'kuwatsatila.

Tinasankha malo kumphepete kwa manda, pansi pa msekese. Panalibe mtumbila, panalibe mtanda, udzu wokhawokha. Kwathu kuno khanda likafa lisanatulutsidwe m'chikuta, amaliika azimai okha, m'dzenje losazama, osaikapo chizindikilo. Ife amuna sitiuzidwa pamene lili. Azimai ena anaima patali n'kumatiyang'ana tikukumba. Iwo anali kudziwa. Palibe anatichenjeza. Piki itatulutsa kansalu ndi timafupa, Abusa anagwada, anabwezela zonse ndi manja ao, tinakwilila bwino, n'kukakumba kwina. Amai aja tinawaika ife awili ndi mwana wao.

Lachinai m'mawa ndili kuthilila lepu, wapolisi anaima pa mpanda. "Ndiwe mudala wa mafupa?" Abusa anali kale kumbuyo kwa galimoto ya apolisi, unyolo uli m'manja.

Ku polisi anatifunsa mmodzimmodzi. Funso linali limodzi: mafupa a mwana mwagulitsa kwa ndani? Ndinawauza kuti apite akafukule, apeza zonse zilipo. Wondifunsa anaseka. "Tifukule manda? Ife si a Satana ngati imwe." Kenaka anandiwelengela maina a anthu amene anatineneza. Awili mwa iwo timakhala nao mpando umodzi wa akulu kutsogolo kwa chalichi. Abusa anakhalitsa m'chipinda chija kuposa ine. Anatuluka khutu lakumanzele silikumva. Mpaka lelo silimva.

Anatilanda malamba ndi nsapato n'kutilowetsa m'selo. Kapitao wa m'menemo, wandende amene amagawa pogona, anatiika pafupi ndi chidebe chimene onse anali kudzithandizilamo. "Ba pasta, takulandilani. Pemphelani chitseko chitseguke ngati Paulo uja, tituluke tonse." Selo yonse inaseka. Abusa anamwetulila pang'ono. Masiku amene tinakhala m'menemo sanagone chotambalala, panalibe malo.

Wa mpingo sanabwele ngakhale mmodzi. Anabwela mwana wa malemu uja yekha, ndi mbatata zophika m'kambale. Mlonda anazitosatosa ndi cholembela asanatipatse.

Lamlungu m'mawa tinamva belu la chalichi china chapafupi. Abusa ananditembenukila ndi khutu labwinolo nati, "Akulu, kodi ine ndinaitanidwa zoona, kapena ndinadziitana ndekha?" Munthu ameneyu anabatiza adzukulu anga, anagona nafe kuchipatala mkazi wanga akudwala. Ndinati, "Abusa, wodziitana yekha sakumba manda a munthu wopanda abale. Amatuma ena." Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mau anga sanafike patali.

Lolemba anatitulutsa. Anati banja la khanda lapita kukaona, lapeza zonse zili m'malo, kulibe mlandu. Ndinapempha pepala lonena zimenezo. Wa pa kauntala anati, "Mudala, ufuna lisiti ya selo? Tenga lamba wako upite." Mwa mapepala onse a nkhani iyi, ndi lokhalo limene ndilibe, ndipo ndi limene likufunika.

Ndinali kuganiza kuti ufulu ndi kutuluka pa chitseko chija. Ndinalakwa kuganiza. M'selo anali kutiseka pamaso, kuno amatinong'oneza kumbuyo. Amai abusa akafika pa mjigo, anzao amasuntha zidebe. Ana ao anasiya kupita ku sukulu mwezi wathunthu chifukwa cha dzina limene anapatsidwa. Pa Mgonelo anthu amapinda manja Abusa akafika ndi mkate, ati dzanja limenelo linagwila mafupa. Abusa amalalikila mabenchi. Amene anatineneza sanapepese. Amabwelabe, amakhala kutsogolo, n'kumadandaula kuti ulaliki wa masiku ano ulibe moto.

Ndimapita kwa Abusa Lachitatu lililonse. Ndimawawelengela za Eliya atagona pansi pa kamtengo kupempha imfa, ndi mmene Mulungu sanamudzudzule koma anamupatsa mkate nati dzuka udye. Amamvetsela mwaulemu. Koma mau anga ndi mau a mudala wa mafupa. Sangayeletse munthu.

Sabata yatha anandiuza kuti akakolola chimanga adzabweza kolala ya ubusa, apite ku Petauke kukathandiza mphwao kugulitsa zovala zakale za salaula pa msika. Sananene mokwiya. Ndikanakonda akanakwiya. Anati, "Akulu, ndatopa kuona anthu akuopa dzanja langa." Chimanga chauma kale m'munda.

Mbusa amene amaononga ndalama za mpingo mumamutumizila nthumwi sabata isanathe. Uyu anaika mkhristu m'manda ndipo mwamusiya yekha kuchokela mu Okutobala. Azibusa anzake a m'dela lino akuona. Mmodzi anandiuza poyela kuti malilo otele akadzagwa kwake, iye adzadwala tsiku limenelo.

Chotelo ndikupempha mwaulemu, monga mkulu wa mpingo uno, kuti mundiyankhe molemba lisanafike Lamlungu lomaliza la Meyi. Munene ngati Abusa athu analakwa kuika amai aja. Ngati analakwa, alangeni poyela monga mwa malamulo athu, adziwe chimene akuvutikila. Ngati sanalakwe, tumani mmodzi wa inu adzaime pa guwa lathu, adzanene zimenezo anthu onse akumva, ndipo adzalandile mkate kuchokela m'dzanja lao.