Masokosi a Atate pa Ukwati Wanga

Atate ankalemekeza pansi pa holo ija kuposa guwa la m'tchalitchi. Sindikuwonjezera ayi. Inali holo ya basiketibo ya pa yunivesite, ndipo iwo ndiwo ankaisamalira: kusesa, kupaka polishi, kujambulanso mizere ikafufutika. Ntchitoyo anaiyamba asanakwatire, akalipentala akuyala kumene timatabwa ta mlombwa, kamodzikamodzi ngati njerwa. Makolo awo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito m'dziko lino, ndipo anawasiyira mwambo wa anthu obwera: ukapatsidwa chinthu, chigwire ndi manja awiri.

Lamulo lawo linali limodzi. Nsapato yoponda panja siiponda pa matabwa. Osewera ankabwera ndi nsapato zawo m'zikwama, ndipo atate eniake ankavula pakhomo n'kulowa ndi masokosi. Ine ndinkachoka kwathu ku komboni ya Kalingalinga masana kukawapatsa chakudya, n'kukhala pa benchi kuonerera anyamata ataliatali akulimbirana mpira. Nsapato zawo zikamalira kwii kwii pa polishi, atate ankamwetulira ngati akumva kwaya. Ikafika nthawi ya mayeso kapena mwambo wa madigiri, ankayamba ayala mphasa za labala, mipando n'kulowa pambuyo.

Kenako dziko linatembenuka. Makampani anagulitsidwa, amuna a m'komboni n'kumabwerera kunyumba masana ndi makalata owachotsa ntchito m'manja. Holo inayamba kubwerekedwa kwa aliyense: Lamlungu a Pentekosite, Loweruka maukwati. Mphasa zija zinang'ambika, zatsopano osabwera. Atate ankatola makatoni kumsika n'kumayala, n'kuima pakhomo kupempha azimayi kuti avule gogoda. Ambiri ankang'ung'udza koma ankavula, chifukwa cha imvi zawo.

"Pansipa pakangowonongeka, mpira watha," ankatero. "Mpira ukatha, munthu wa polishi adzamufuniranji?"

Ndiye unafika ukwati wanga. Ndinkakwatiwa ku komboni ya Matero, kubanja la anthu odzimva, ndipo ndinalumbira kuti sadzatiyesa amphawi. Atate anati phwando lichitikire pabwalo la tchalitchi. Ine moto buu!

"Batate, bonse bakwatirira mu holo yanu. Ine mwana wanu ndiye nikadyere mu fumbi?"

Kenako anati, "Chabwino, mwananga. Pempho langa ndi limodzi lokha. Atsikana ako ovina avule gogoda."

Ndinakauza ametroni, mayi amene ankaphunzitsa operekeza mkwati kuvina. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Kuvina na mapazi chabe? Ni ukwati uyu, si kumunda! Na makatoni bachotse, tizakamba bwanji ku bapongozi?"

Nanenso ndinaseka. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Atate sindinawauze kuti pempho lawo lakanidwa. Anadzionera okha pa tsikulo, ataona makatoni awo ataunjikidwa kuseri kwa holo.

Anali masana, kukutentha koopsa. Atate anavala suti ya pa salaula, kaunjika wa kuno, imene amayi anaisita kawiri. Anandigwira mkono, nyimbo yayamba, anthu aimirira. Titafika pakhomo anandisiya, n'kuwerama. Ndinkayesa agwetsa chinthu. Ayi ndithu, ankamasula zingwe. Anavula nsapato zonse ziwiri n'kuziika bwinobwino m'mbali mwa khoma, pomwe ankaziika tsiku lililonse. Masokosi anali ochapa, koma lakumanja linali losokedwa pachidendene ndi ulusi wofiira.

"Batate, valani!" ndinanong'ona mano ali gwa. "Munichititsa nsoni!"

"Zaka zonsezi sindinapondepo ndi nsapato. Ndiyambe lero?"

Tinalowa choncho, ine pa gogoda, iwo pa masokosi. Kumbali ya akuchimuna wina anafunsa mokweza, "Bapongozi baibala nsapato?" Anthu anaseka. Kumbuyo kwathu atsikana anga ankabwera akuvina, go go go, ndipo chidendene chilichonse chikamenya thabwa atate ankatembenuka kuyang'ana pomwe chaponda. Sindinawamvere chisoni. Ndinali nditafufuma ndi mkwiyo. Wojambula anatiimitsa pakati penipeni pa holo n'kutijambula awiriwiri.

Lolemba ndinabwerera kukatenga mbale zathu. Ndinawapeza atagwada pakati pa holo, ali ndi chitini cha guluu wosakaniza ndi utuchi, akumata timaenje ndi kampeni. Pansi ponse panali ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Mukuganiza kuti ndinapepesa? Ine wake uti! Ndinaima pamenepo ndi nsapato zanga n'kunena kuti anandinyozetsa pamaso pa apongozi anga.

Sanadzutse mutu. Anangoti, "Ponda cha uko, mwananga, apo sipanaume."

Pansi paja sipanawonongeke ndi ukwati wanga wokha, ndikudziwa. Koma kuyambira tsikulo atate analibenso pakamwa. Akapempha mayi kuti avule, yankho linali lokonzeka kale: "Nanga mwana wanu sanavine na gogoda?" Anasiya kuima pakhomo. Timatabwa tinayamba kusweka ndi kutukuka, wosewera wina anabinya mwendo, matimu n'kusamukira pa bwalo la panja. Potsiriza anazula mlombwa wonse n'kuthira simenti. Simenti siifuna munthu wa polishi, ndipo kalata ya atate inabwera. Anakhala pakhonde ku Kalingalinga madzinja awiri, lachitatu tinawaika m'manda.

Chithunzi chija ndi chokhacho chimene atate anajambulitsa moyo wawo wonse. Sabata imene chinabwera, mkwiyo usanandithere, ndinatenga sizasi n'kudula m'munsi monse kuti alendo asamaone masokosi. Chidutswacho ndinachiponya pa mbaula.

Chili pakhoma mpaka pano. Tsiku lina mwana wanga wamkazi, amene sanawaonepo agogo ake, anachiyang'anitsitsa n'kundifunsa, "Amami, nanga ndani anadula mapazi ya bagogo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinamizire wojambula. Kenako ndinayang'ananso chithunzicho.

"Ndine," ndinatero.