Mafuta a Nsatsi a Amayi

Nthawi ya atsamunda tinkakhala ku Matero. Atate ankagwira ntchito kwa dokotala wina wofufuza tintchentche toluma tobweretsa zilonda zosapola. Dokotalayo ankafuna mankhwala olepheretsa tizilombo ta matendawo kudya m'thupi mwa munthu.

Kunyumba, mafuta a nsatsi amene amayi ankadzola anayamba kutha msanga m'botolo. Amayi anapsa mtima: ndithu atate akukapatsa mkazi wina!

Loweruka lina m'mawa amayi anawalondola atate mwakachetechete, ine ndili pambuyo. Tinawapeza atagwada pachulu, akupaka mafutawo pamapepala kuti tintchentcheto tizimatirira.

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Kansi mkazi mnzanga ni chulu?"

Kuyambira tsikulo ankawatsanulira okha mafutawo, n'kunena kuti, "Mukam'patse moni."