Chikhakha Ndinachichotsa Ndekha

Choyamba chimene ndinamva sichinali ululu, koma kulira kwa phwa ngati nthambi youma. Unali mwezi wa Disembala, ndikutsika m'phiri la Michesi ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Ndinaterereka pathanthwe lonyowa, mwendo wamanzere n'kulowa pakati pa miyala iwiri. Poti ndidzuke, msongolo unapindika pamalo posayenera kupindika.

Amuna anga anandikankha panjinga mpaka kuchipatala. Atandijambula, anandimanga chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu. Adokotala anati, "Mayi, miyezi itatu osaponda pansi."

Miyezi itatu kwa ine! Kuyambira ndili mwana amandinena kuti matako anga ali ndi minga. Ndinkakhala pakhonde mtima uli kumunda, poti inali nthawi yobandira chimanga, ndipo bambo akunyumba khasu lawo limayenda ngati likupepesa nthaka. M'chikhakhamo munkayabwa, ine n'kumakanda ndi sipoko ya njinga. Pofika sabata yachisanu ululu unatheratu. Mlamu wanga wina wochokera ku Mozambiki atabwera kudzandizonda, anati kwawoko fupa amangolimanga ndi timitengo, pakatha mwezi munthu ali kumunda. Ndi mawu amene ndinkafuna kumva. Mawa lake ndinaviika chikhakhacho m'beseni la madzi mpaka kufewa, n'kuchisenda ngati chinangwa.

Ndinabandira masiku anayi. Lachisanu lake mwendo unatupa, n'kuyamba kugwedera pamene panathyokapo. Ndinadziwa kuti ndalakwitsa, koma ndikanakawauza chiyani adokotala aja? Manyazi anapha lambe. Ndinakhala miyezi iwiri ndikuthowa ndi madzi otentha, mpaka panatuluka chilonda cha mafinya, thupi n'kumatentha.

Mu Epulo ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anandiuza mosabisa kuti fupa silinalumikizane, ndipo ngati matendawo alowa mkati mwake, mwendowo adula. Ndinachita mantha kwambiri. Sabata zitatu ndinkabayidwa jekeseni m'mawa ndi madzulo kuti chilonda chiyere. Tsiku la opaleshoni linasunthidwa kawiri chifukwa kunabwera anthu a ngozi zapamsewu. Ndinkatembenuka pabedi mpaka nsalu yoyala kugwa, maso ali kukhomo, ndikuwerenga anzanga otuluka ndi ndodo, ena mwendo umodzi palibe.

Atanena zoika chitsulo, ndinayamba ndakana, poti kwathu amati munthu wachitsulo m'thupi mphezi imamulondola. Adokotala ake, mayi wachitsikana ndithu, sanandiseke. Anati, "Mphezi ilibe nanu ntchito, amayi. Ndipo chitsulo sichipoletsa fupa, chimangoligwira kuti lisagwedere. Omanga fupa ali m'mafuta a m'fupamo, tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Tizinthuto timayamba ndi kuika fupa lanthete, kenako n'kumalilimbitsa. Inu munaponda lisanakhwime." Anatinso kumayiko akunja akuyesa chitsulo china, cha maginiziyamu, chimene akuti chimasungunuka chokha m'thupi n'kumathandiza tizinthuto kumanga fupa, koma sichinafike pogwiritsidwa ntchito. Ndinavomera, n'kundiika chitsulo. Changa chinali chachikhalire, cha misomali isanu ndi umodzi.

Ulendo uno ndinamvera, ngakhale kukhala pansiko kunali kowawa kuposa opaleshoniyo. Miyezi inayi ndinayendera ndodo. Nandolo anakhwima, anthu n'kukolola, ine ndikuonerera pakhonde lomwe lija, manja akuyabwa. Mwezi uliwonse ndinkakwera minibasi kukajambulitsa, ndipo pachithunzi chachinayi ndinaona ndekha kamtambo koyera katatseka mpata wa pothyoka paja.

Lero papita zaka zitatu. Mwendo ndili nawo, ndimalima, ndimapita kumsika pa Boma. Koma unafupika ndi zala ziwiri, moti nsapato yakumanzere amachita kundiwonjezera labala ya tayala, ndipo kuphiri sindikweranso.

Mukathyoka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukalakwitsa ngati ine, bwereraniko msanga, akukalipireni koma mwendo ukhale wanu. Ululu ukatha si kuti fupa lapola. Ine ndinakana kukhala pansi sabata zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo ndidzatsimphina mpaka tsiku londinyamula.