Namwino Anaona Matenda a Mdzukulu Wanga Koma Anangogwedeza Mutu

Inu owerenga, ine ndine munthu wosakhulupirira aliyense. Kafunseni kwathu ku Mlonyeni, akakuuzani kuti agogo aja ngakhale mchere wogula amayamba aulawa. Mavenda sanandiberepo pa sikelo, andale sanandinyengepo ndi nsalu zawo. Koma kamodzi kokha ndinakhulupirira munthu chifukwa choti ndi wophunzira, ndipo lero mdzukulu wanga Tadala ali kumanda. Ndikulemba mtima uli phuthuphuthu, kuti inu zisadzakuonekereni.

Zinali zaka zimene matipate anali atangoyamba, m'midzi mukungolowa magalimoto a anthu ofunsa mafunso. Tadala anali wa mwana wanga wamkazi. Mayi ake anatenga pakati pena msanga, ndiye tinamuletsa kuyamwa n'kubwera naye kunyumba kwanga monga timachitira. Patapita miyezi anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi likufiira, kungokhala duu osasewera. Ine ndinati ndi tsempho basi. Bambo ake ankapalasa njinga kupita ku Chipata kukapikula sopo ndi mafuta, ndipo mwamuna woyenda msewu umenewo ine ndimamukayikira. Ndinati wagona ndi mkazi wina n'kudzanyamula mwana, wamusempha.

M'masiku omwewo kunafika mtsikana wa ku yunivesite, wachitenje chake bwinobwino, wogwada popereka moni. Anati akuchita kafukufuku wa mmene ife akumudzi timadziwira matenda: ati a Mulungu, ati a anthu, ati a kuchipatala. Ndinamufunsa kwawo, mfunda wake, ndi amene wamutuma. Anayankha zonse, n'kuwonjezera kuti asanabwerere kusukulu anali namwino. Mawu amenewo ndiwo anandigwetsa.

Anayatsa kawailesi kojambulira mawu, Tadala ali pamiyendo panga. Maso anga sagona, ndinaona zonse. Anatambasula dzanja ngati akusewera ndi mwana, n'kukanikiza phazi ndi chala chachikulu. Panatsala kadzenje kosabwerera. Anatsitsa chikope n'kusuzumira m'diso. Nkhope ya mtsikanayo inasintha pang'ono, kenako anamwetulira.

"Agogo, inu mukuti mwanayu akudwala chiyani?"

Ndinati tsempho.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi tsempho?"

Ndinafotokoza zonse, za njinga, za ku Chipata, za ana ena amene ndinawaonapo atatupa chonchi. Iye kumangogwedeza mutu, eya, ndikumva, pitirizani agogo. Anafunsanso ngati Mulungu amachiritsa ndi mizu kapena ndi jekeseni, ndiponso ngati pemphero lingathetse tsempho. Ndinayankha mpaka kukhosi kuuma.

Tsono tandiuzani inu owerenga. Kwathu kuno munthu wodziwa akamva zolakwika amagwedeza mutu? Mzamba akaona kuti mwana wakhala mopingasa m'mimba safunsa maganizo ako, amakuuza pomwepo. Apa namwino wathunthu wagwira mwana, wamva mawu anga, wati eya. Ine ndikanaganiza chiyani? Potsanzika, phazi lina lili kale m'galimoto, ananena motsitsa kuti kuchipatala tizikafikakonso nthawi zina. Ananena mmene munthu amanenera kuti mukapereke moni kunyumba.

Tsiku lomwelo ndinaitana mkamwini wanga. Ndinamuuza pamaso pa mkazi wake kuti ngakhale a ku yunivesite avomereza kuti wamusempha mwana. Iye anati, amayi, njinga ilipo, tiyeni naye ku Boma akamuone. Ndinakana. Ndinati akufuna kubisa uve wake kuseri kwa jekeseni. Tinakumba mizu, tinamusambitsa, amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Mwana kumangotupirabe, khungu kuyamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha.

Tsiku limene Tadala analephera ngakhale kulira, mkamwini sanandipemphenso. Anandikweza pa kaliyala mwana ali kumsana kwanga, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko adokotala anati ndi kusowa zakudya m'thupi, magazinso atha. Mwana wochotsedwa kubere n'kumangomwa phala lopanda kanthu amatero. Anati ana otere amachira ndi mkaka wapadera akabwera msanga. Anayesetsa ndithu, sindingawanamizire. Tadala anatsirizika m'manja mwanga mawa lake.

Ndikanangolira n'kukhala chete. Koma titangometa, galimoto ija inatulukiranso. Mtsikana uja anapepesa maliro mwaulemu, kenako n'kutulutsa kawailesi kake, ati akufuna amve mmene tikuionera imfayi tsopano. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumufunsa.

"Iwe mwana iwe, tsiku lija unakanikiza phazi lake. Unaona chiyani?"

Anawerama. "Ndinaona kuti ndi kusowa zakudya, agogo."

"Nanga pakamwa pako panali chiyani?"

"Aphunzitsi athu amati tisamakonze mayankho a anthu, kafukufuku amawonongeka. Komatu za kuchipatala ndinatchula."

"Unatchula! Nyumba ikamapsa muli mwana, umatchula moto kapena umakuwa?"

Anayamba kulira. Misozi yake sinandikhudze. Ndinamuuza kuti anyamule kawailesi kake asadzapondenso pakhomo panga. Mwina lero ndi munthu wamkulu kuyunivesiteko, akuphunzitsa anzake mmene nkhalamba za ku Mchinji zimaganizira. Aphunzitse. Koma awauzenso kuti mayankho anga anatuluka osawonongeka, amene anawonongeka ndi mwana.

Sindikudziyeretsa ayi. Phala lopanda kanthu ndinkaphika ndine, njinga ndinakana ndine. Mkamwini wanga mpaka lero sanandinenepo liwu loipa, amandilonjera m'mawa uliwonse, ndipo moni wakeyo amandibaya kuposa chitonzo. Koma ine ndinalakwa ndisakudziwa. Uja ankadziwa, anasankha kumva mmene ndikusocherera.

Inu a kafukufuku, fufuzani, palibe akukuletsani. Koma mukapeza mwana akufa, thimitsani makina anuwo mulankhule ngati anthu. Ndipo inu anzanga akumudzi, wophunzira akamagwedeza mutu musamati wavomera, ena amagwedeza kuti muzingolankhulabe. Mugwireni mkono mumufunse maso ndi maso kuti iye waona chiyani, asanyamuke asanayankhe. Mwana akatupa, kwerani njinga tsiku lomwelo. Mlandu wa amene wamusempha mudzauzenge mwanayo akusewera pabwalo.