Chida cha Bambo pa Chinkhoswe Changa

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano ndikuchita nazo manyazi, anzanga. Ndinalota ndili pa chinkhoswe changa, chonsecho mayi a Chisomo ndinawakwatira kalekale, mwana wathu ali ku sekondale. Ndinali nditavala jekete koma kuphazi kulibe nsapato, ndipo palibe amene zinamudabwitsa.

Ndiye anatulutsa akazi atatu ofunditsidwa zitenje kuti ndiloze wanga. Ine mwamatama ndinalunjika wapakati n'kuvundukula. Munalibe munthu. Munali kachida kakalekale: chogwirira chathabwa chodetsedwa ndi thukuta la m'manja, chitsulo chopyapyala chopindika ngati mpeni wa m'thumba, ndi kanati kothinitsira pomwe ziwirizo zakumana.

A Gama, malume a mkazi wanga, anakhosomola. "Mkamwini, tiuzeni ntchito ya chimenechi. Mukalephera, mwana wathu tibwerera naye."

Ine paja ntchito yanga ndi yometa anthu pamsika. Ndinachitembenuza, kuchinunkhiza, n'kunena kuti ndi lezala la azungu akale. Anthu anaseka mpaka mayi wina kugubuduka pamphasa. Ndinasintha msanga, ndati ayi, n'chopalira mamba a nsomba. Ng'oma zinasiya kulira.

Kenako tonse tinapezeka tili pamwamba pa nyumba yosafolera, ankhoswe ndi nkhuku yawo yomwe. Pamtanda panakhala malemu bambo anga, amene anali kalipentala, pensulo ili kukhutu, koma akuoneka aang'ono kuposa ine. Mtima unandiwawa. Ndinafuna kuwafunsa ngati akukhala bwino kumeneko, koma iwo ndi moni womwe sanandipatse. Anangolanda chidacho, kuchitsegula, kuchigunditsa pakona pomwe matabwa awiri anakumana mopendekeka, kuthinitsa kanati, n'kukajambula kona yomweyo pathabwa lina.

"Chida china chija timati sikweya chimadziwa kona imodzi basi," anatero. "Ichi chimanyamula kona iliyonse n'kukaitula kwina. Yeza mbali inayo."

Ndiye ine kudzitukumula, kuuza a Gama kuti ndimadziwa kale, ndimangowayesa. Ndinayeza ndithu, koma kanati osathinitsa. Chitsulo chinkangolendewera ngati lilime la galu, ine n'kujambula chonchobe, kucheka, kukhoma, kwinaku ndikuimba mluzu kuti anthu aone kuti ndine mwana wa mmisiri.

Nyumba inayamba kupendekeka ngati munthu wochokera ku kachasu. Ankhoswe anatsetsereka mmodzimmodzi, osakuwa, akungogwirizira zipewa. Bambo anandiyang'ana, kupukusa mutu, n'kuyamba kutsika pamakwerero omwe sanatsamire paliponse.

Kenako ndinaona pansi mayi a Chisomo akukwera kabaza, chikwama chili pamiyendo, wopalasa ndi a Gama omwewo. Ndinati ndithamange, miyendo yanga yasanduka matabwa, mawondo palibe. Ndinangokuwa kuti, "N'choyezera makona! Bwererani, n'choyezera makona!"

Dzidzimu! Ndili pansi pasimenti, bulangete lakulunga miyendo, mayi a Chisomo aima pakhomo ndi tsache m'manja. "Bambo a Chisomo, makona ake ati m'mawa uno?"

Tsono inu odziwa maloto, ndimasulireni. Kodi bambo akufuna ndikatenge bokosi lawo la zida lomwe likuchita dzimbiri kwa achemwali anga ku Ntcheu? Kapena banja langali linapendekeka kale ine ndikungoimba mluzu? Mayi a Chisomo ndawafunsa, angoseka, ndipo kusekako sindinakukonde.