Tambala wa pa Njewa

Tambalayo ndinamugula pa Njewa m'mwezi wa Okutobala, ndikupita kutchuthi kwa amayi ku Kabudula. Sindinafune kufika chimanjamanja. Anali wofiira, wolemera ndithu, ndipo wogulitsa sanalimbelimbe pa mtengo. Ndikanadabwa pomwepo. Munthu akaona kuti chitopa chalowa m'khola mwake, zotsala amathamangira nazo kumsewu.

Amayi anamulandira ndi manja awiri.

"Kodi m'tauni mwayamba kuweta?" anandiseka.

Ndinati aphe tidye. Anakana. "Wotereyu ndi wa mbewu."

Anamumasula miyendo n'kumusiya pakati pa nkhuku zawo khumi ndi zinayi. Zonsezo zinachokera kwa thadzi limodzi la kameta, lopanda nthenga m'khosi, limene malemu bambo anasiya. Amayi analibe mantha, poti masiku atatu m'mbuyomo mlangizi wa ziweto anali atadontheza katemera m'diso la nkhuku iliyonse.

Lachinayi tambala anagwetsa mapiko. Loweruka khosi linapindika, mlomo n'kuloza kumwamba. Sabata yotsatira nkhuku za amayi zinayamba kufa. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku lililonse ndinkalifukulanso.

Mlangizi atabwera ndinamufunsa chifukwa chimene katemera sanagwirire ntchito. Anati katemera sachiza. Amangoonetsa maselo oyera a m'magazi maonekedwe a kachilomboko. Maselowo, amene iye ankawatcha asilikali, amafuna pafupifupi masabata awiri kuti achulukane ndi kupanga zotetezera thupi.

"Inu mwabweretsa mdani asilikali akadali kumaphunziro, achimwene."

Inatsala imodzi, kameta wa bambo uja. Chitopa chinamugwirapo kale n'kuchira, ndipo mlangizi anati maselo ena amasunga chikumbumtima cha matenda amene anakumana nawo. Koma kametayo anali atakalamba. Kuikira anasiya kalekale.

Amayi sanandidzudzule ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse ankamwaza gaga wofanana ndi wa kale, n'kuitana monga ankaitanira. Kameta ankabwera yekha, kujompha pang'ono, wotsalayo n'kudyedwa ndi mpheta.

Ndinapitakonso pa Khirisimasi. Ndikutsika pa kabaza, amayi anatuluka m'nyumba n'kuyamba kuyang'ana m'manja mwanga, kenako kumaso. Ndinanyamula shuga ndi sopo basi.

"Mwafika bwino, eti?" anatero. "Lowani."

Pabwalo panali zii. Za kameta sindinawafunse, ndipo mpaka lero sindinafunsebe.